Ulendo wa ku Chiang Mai: akachisi m'mawa, amisiri masana, msika pomaliza

Chiang Mai ndi mzinda wa kumpoto kwa Thailand, makilomita pafupifupi 700 kuchokera ku Bangkok. Mfumu Mangrai inaukhazikitsa mu 1296 kuti ukhale likulu la ufumu wa Lanna. Mpaka lero pakati pa mzindawu pali malo a mbali zinayi, mbali iliyonse pafupifupi kilomita imodzi ndi theka, ozunguliridwa ndi ngalande yamadzi komanso zotsalira za linga la njerwa. Akachisi a Chibuda alipo oposa 300 mumzindamu ndi m'mphepete mwake, ndipo mu 2017 bungwe la UNESCO linauika m'gulu la mizinda yodziwika ndi ntchito zamanja.

Alendo ambiri amayambira kumsika wausiku tsiku lomwe afika, n'kugula mbale "yasiliva" imene siliva mulibe. Inu musinthe ndondomekoyo. Yambani mwaona ntchito ya amisiri akale m'makachisi, kenako mukaone amisiri a lero akugwira ntchito, ndipo chikwama cha ndalama muchitsegule pomaliza, maso atazolowera kusiyanitsa chenicheni ndi chongofanizira. Masiku anayi ndi okwanira.

Sankhani mwezi musanagule tikiti

Nyengo yabwino ndi kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale. Mvula imakhala itatha, m'mawa kumazizira pang'ono, moti juzi yopyapyala imafunika mukamakwera phiri. Kuyambira chakumapeto kwa Febuluwale mpaka Epulo anthu amatentha minda ndi tchire, ndipo chifukwa chakuti mzindawu uli m'chigwa, utsi umangokhazikika osachoka. Masiku ena phiri la Doi Suthep, lomwe lili pafupi kwambiri, silioneka n'komwe. Odwala mphumu kapena mtima asapiteko miyezi imeneyi. Pa 13 mpaka 15 Epulo pamakhala Songkran, chikondwerero cha chaka chatsopano chimene anthu amathirana madzi m'misewu. N'chosangalatsa, koma simungayende ndi kamera kapena nsalu zogula kumene. Mvula imagwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo mtsinje wa Ping umatha kusefukira monga unachitira mu Okutobala 2024. Chikondwerero cha nyali cha Yi Peng chimachitika mu Novembala mwezi ukakhala wathunthu, ndipo malo ogona amadzaza msanga.

Mapepala ndi njira

Amene ali ndi pasipoti ya Malawi ayenera kutenga viza asananyamuke, ndipo amafunsira pa intaneti kudzera pa tsamba la boma la Thailand la e-Visa. Kuyambira pa 1 Meyi 2025 mlendo aliyense amadzazanso fomu yolowera m'dziko yotchedwa TDAC m'masiku atatu omaliza asanafike. Fomuyi ndi yaulere. Tsamba limene likukulipiritsani si la boma. Ethiopian Airlines imanyamula anthu ku Lilongwe ndi ku Blantyre kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Bangkok. Popeza Ethiopia ili pa mndandanda wa mayiko amene Thailand imafunsa za katemera wa yellow fever, tengani khadi lachikasu la katemerayo.

Kuchokera ku Bangkok, ndege imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa. Sitima yapamtunda yokhala ndi mabedi imanyamuka madzulo pa siteshoni ya Krung Thep Aphiwat n'kukafika m'mawa, patatha maola 12 kapena 13. Sankhani bedi lam'munsi: ndi lalikulupo ndipo lili ndi zenera. Nthawi ya ku Thailand ili patsogolo ndi maola asanu poyerekeza ndi ya ku Malawi. Zaka amawerenga m'Chibuda, kuwonjezera 543 pa chaka chathu, ndiye musadabwe kuona 2568 pa lisiti la mu 2025. Mapulagi athu a mano atatu aakulu aja salowa m'masoketi ambiri a kumeneko, choncho nyamulani adaputa.

Kogona ndi zoyendera

Gonani m'kati mwa linga kapena pafupi ndi chipata cha Tha Phae, cha kum'mawa. Mukatero akachisi akuluakulu onse mudzawafikira wapansi. Galimoto yotchipa ndi songthaew yofiira, pikiapu yokhala ndi mabenchi awiri kumbuyo, ngati matola koma yofolera. Iimikeni ndi dzanja, muuze dalaivala kumene mukupita, akagwedeza mutu kwerani, mukafika lizani belu la padenga n'kulipira mukatsika. Ulendo waufupi wa m'tauni umakhala pafupifupi 30 baht (baht ndi ndalama ya ku Thailand). Mukalowa yopanda anthu osafunsa mtengo, dalaivala akhoza kuyesa kuti mwachita hayala galimoto yonse. Grab ndi Bolt, mapulogalamu a pafoni oitanira galimoto, zimagwiranso ntchito.

Njinga zamoto zobwereka zili paliponse, ndipo amayendetsa kumanzere ngati kwathu. Koma apolisi amaika zipata zoyendera ziphaso pafupi ndi ngalande ija, ndipo amafuna chiphaso cha mayiko onse chokhala ndi chilolezo cha njinga yamoto. Mukachita ngozi mulibe chiphasocho, inshulansi siilipira. Musasiye pasipoti ngati chikole. Perekani ndalama ndi kope lake. Makina a ATM amadula 220 baht kapena kuposa nthawi iliyonse mukatapa ndi khadi lakunja, ndiye tapani kamodzi zochulukirapo m'malo motapa pang'onopang'ono.

Khalidwe la m'kachisi

Apa ndi pamene mlendo amadzichititsa manyazi osadziwa. Mapewa ndi mawondo zikhale zophimbika, kwa amuna ndi akazi omwe. Chitenje chimathetsa vuto lonseli, ndipo sichilemera m'chikwama. Valani nsapato zovula msanga chifukwa muzivula kangapo pa tsiku: m'bwalo mumayenda nazo, koma pa masitepe a nyumba yopemphereramo mumazisiya. Chipewa ndi magalasi adzuwa zichoke. Pakhomo pamakhala thabwa lotukuka, lilumpheni, musaliponde.

Mukalowa, khalani pansi. Koma musatambalale. Kwathu kukhala motambalala pa mphasa ndi ulemu ndithu, pamene kumeneko phazi ndi chiwalo chonyozeka, ndipo kulozetsa mapazi kwa Buddha kapena kwa mmonke n'chipongwe chachikulu. Pindani miyendo yonse mbali imodzi, mapazi aloze kumbuyo. Mmonke akakhala pansi, mutu wanu usapitirire wake: weramani podutsa, ngati mmene mwana amadutsira pamaso pa akuluakulu. Musagwire mutu wa munthu aliyense, ngakhale wa mwana.

Mkazi sakhudza mmonke kapena mkanjo wake, ndipo sapereka chinthu m'manja mwake. Amachiika pa kansalu kamene mmonkeyo wayala, kapena amapatsira mwamuna. M'songthaew asakhale moyandikana naye. Pali nyumba zina zimene akazi saloledwa kulowa, ndipo chikwangwani chimakhalapo pakhomo.

Pozungulira chedi, chipilala chosongoka chosungiramo zinthu zopatulika, yendani chili kudzanja lanu lamanja. Abuda amazungulira katatu. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani kugwada kapena kupereka maluwa ndi lubani, palibe amene adzakukakamizeni; khalani chete chakumbuyo n'kumaonerera. Kujambula kumaloledwa m'malo ambiri, koma musakwere pa chifaniziro kapena kuchipatsa msana n'kumaseka pojambulitsa. Cha m'ma 6 koloko m'mawa amonke amayenda opanda nsapato kulandira chakudya. Wopereka amavula nsapato n'kuika chakudyacho m'mbale ya mmonke, ndipo mmonkeyo sathokoza, chifukwa kwa iwo wopindula ndi amene wapereka.

Zinthu ziwiri za kunja kwa kachisi: kunyoza banja lachifumu ndi mlandu wa zaka 3 mpaka 15 m'ndende, ngakhale pa Facebook, ndipo ndalama ikagwa musaiponde chifukwa ili ndi nkhope ya mfumu. Fodya wamagetsi ndi woletsedwa.

Tsiku loyamba: m'kati mwa linga

Nyamukani 7 koloko isanakwane, dzuwa lisanapse. Yambirani pa Wat Chiang Man, kachisi wakale kwambiri mumzindamu, amene Mangrai anamanga pamene mzinda unkayamba. Kuseri kuli chedi yooneka ngati yasenzedwa ndi njovu 15.

Kuchoka apo pitani ku Wat Chedi Luang. Chedi yake inayamba kumangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 n'kutha mu ulamuliro wa Mfumu Tilokarat, itatalika pafupifupi mamita 82. Chivomezi cha mu 1545 chinagwetsa nsonga yake, ndipo sanaimangenso. Chifaniziro chobiriwira cha Buddha chimene tsopano chili ku Wat Phra Kaew ku Bangkok chinakhalapo pano kuyambira mu 1468. Pabwalo lomweli pali nyumba ya chipilala cha mzinda, Inthakhin, imodzi mwa nyumba zimene akazi salowa. Pamakhalanso matebulo pamene amonke achinyamata amacheza ndi alendo m'Chingerezi. Afunseni za moyo wawo, amayankha momasuka. Mlendo amalipira kandalama kochepa pachipata. Pafupi pomwepo pali Wat Phan Tao, nyumba ya matabwa a teak okhaokha imene poyamba inali ya wolamulira mzinda. Yang'anani nkhanga yaikulu ya mchira wotambasuka ija, pikoko, yosemedwa pamwamba pa khomo ndi kukongoletsedwa ndi tizidutswa ta galasi.

Wat Phra Singh, wa mu 1345, mupatseni nthawi yochuluka. Anthu ambiri amathera m'nyumba yaikulu yakutsogolo, pamene chuma chenicheni chili m'kanyumba kakang'ono kakuseri, Viharn Lai Kham. Khoma la kumbuyo kwa Buddha ndi lofiira, lokutidwa ndi utomoni wa mtengo, ndipo pamwamba pake anamatapo maluwa a golide wopyapyala. Luso limeneli mudzalionanso pa timabokosi ta kumsika, ndipo mukaona pano mudzadziwa kuti mizere yabwino imakhala yosalala motani. Zithunzi za m'makoma am'mbali ndi za m'ma 1800 ndipo zimaonetsa anthu a Lanna mmene ankavalira: amayi a nsalu za mizere yopingasa, abambo a ntchafu zodindidwa mphini zakuda kuchokera m'chiuno mpaka m'mawondo. Potuluka onani kanyumba ka mabuku kokwezedwa pa maziko aatali. Anakakweza kuti madzi ndi tizilombo zisawononge malemba olembedwa pa masamba a mtengo wa kanjedza.

Masana idyani khao soi, zakudya za ufa watirigu zonga zingwe zophikidwa mu msuzi wa kokonati ndi kale (curry). Ngati tsabola simumutha nenani kuti "mai phet". Soseji ya sai ua ndi ya nkhumba. Chakudya cha halaal chimapezeka pafupi ndi mzikiti wa Ban Haw, kufupi ndi Night Bazaar. Imwani madzi a m'botolo. Udzudzu wa dengue umaluma masana, ndiye mankhwala odzola musadikire usiku.

Tsiku lachiwiri: phiri, kenako osula siliva

Wat Phra That Doi Suthep ali paphiri, makilomita pafupifupi 15 kuchokera m'tauni. Mbiri yake imayambira mu 1383, ndipo msewu wokwerera unalambulidwa ndi anthu ongodzipereka motsogozedwa ndi mmonke Khruba Siwichai n'kutha mu 1935. Ma songthaew opita kumeneko amaima pafupi ndi chipata cha Chang Phuak ndi pa Chiang Mai Zoo, ndipo amadikira kudzaza ngati minibasi. Msewu ndi wokhotakhota. Amene amachita nseru akhale kutsogolo ndi dalaivala. Masitepe ndi oposa 300, koma pali chikepe cha okalamba ndi ovutika mawondo. Fikani 8 koloko isanakwane. Ikamakwana 10 mabasi amakhala atafika, ndipo matailosi amawotcha mapazi.

Masana tsikirani ku msewu wa Wua Lai, kum'mwera kwa linga. Kuti mumvetse chifukwa chake mudzi uliwonse uli ndi luso lakelake, dziwani izi: Chiang Mai inali pansi pa Burma kuyambira mu 1558 mpaka 1774, ndipo nkhondo zinasiya mzinda uli bwinja. Mfumu Kawila itaukhazikitsanso mu 1796 inasamutsa anthu ochokera kumadera ena, amisiri ali momwemo, n'kuwakhazika m'magulu. Osula siliva anakhala ku Wua Lai. A mtundu wa Tai Khoen, opanga ziwiya zopaka utomoni, anakhala chapafupi, kufupi ndi Wat Nantaram.

Pa Wat Sri Suphan pali nyumba yokutidwa ndi zitsulo zosulidwa mkati ndi kunja komwe. Akazi salowa, koma ntchito yambiri ili kunja. Anthu amaitchula kachisi wasiliva, ngakhale mbali yaikulu ndi aluminiyamu ndi zitsulo zina. Siliva weniweni ali pa zinthu zopatulika zokha. M'mashedi a pabwaloli mudzamva nyundo. Mmisiri amamata chitsulo chopyapyala pa utomoni wakuda wofewa, n'kumakhoma ndi tizitsulo tosongoka kuchokera kumbuyo kuti chithunzi chitukuke. Chitsulo chikauma amachiotcha kuti chifewenso, apo ayi chimang'ambika. Kenako amachitembenuza n'kumalizitsa tinthu ting'onoting'ono kutsogolo.

Ndiye pogula mbale yotchedwa salung kapena chibangili, tembenuzani muone kumbuyo. Chosulidwa pamanja chimakhala ndi timabowo ta nyundo tosafanana. Chodindidwa ndi makina chimakhala chosalala ndiponso chofanana ndendende ndi chinzake. Funani chidindo cha 925, chosonyeza kuti pa magawo 1,000 alionse, 925 ndi siliva. Wogulitsa wachilungamo amaika chinthucho pa sikelo n'kukuuzani mtengo wa kulemera kwake ndi wa ntchito. Maginito amathandiza pang'ono chabe: chikamata si siliva, koma kusamata si umboni, chifukwa aluminiyamu ndi mkuwa sizimatanso. Aluminiyamu amadziwika ndi kupepuka. Chimene akuchitcha "German silver" mulibe siliva ngakhale pang'ono.

Ziwiya zopaka utomoni zimayamba ngati kadengu kolukidwa ndi nsungwi zopyapyala. Amapaka utomoni wa mtengo wa rak, kuumitsa, kupalapala, kupakanso, kambirimbiri. Chenicheni chimapepuka ndipo chimafewa pang'ono mukachifinya. Dzuwa ndi madzi otentha zimachiwononga. Utomoni wauwisi umatulutsa zidzolo, ndiye pamalo opangira musagwire chimene sichinaume.

Tsiku lachitatu: Bo Sang ndi San Kamphaeng

Bo Sang ili makilomita pafupifupi 9 kum'mawa, pa msewu wa 1006. Ndi mudzi wa maambulera. Pepala lake, lotchedwa sa, limachokera ku khungwa la mtengo wa m'banja la mabulosi: amaliviika, kuliwiritsa, kulisinja mpaka likhale ngati phala, kulisungunula m'madzi, kuliwola ndi sefa wa felemu n'kuyanika padzuwa. Nthiti za ambulera ndi nsungwi. Ntchitoyi amagawana, wina kusema mutu, wina kung'amba nsungwi, wina kumanga ulusi, wina kumata, wina kujambula, ndipo mukhoza kuyenda mzere wonsewo kwaulere. Tsegulani ndi kutseka ambulera katatu musanalipire. Nthiti zikamapindika mosiyana kapena pepala likamamatuka m'mphepete, musiyeni. Funsani ngati ndi wopakidwa mafuta. Wosapaka ndi wokongoletsera m'nyumba, mvula imodzi yokha amatha. Chikondwerero cha maambulera chimachitika mu Januwale.

Kupitirira pang'ono ndi San Kamphaeng, kwa owomba silika ndi thonje. Silika wowombedwa pamanja amakhala ndi timfundo apa ndi apo, ndipo mtundu wake umasintha mukamutembenuza pa kuwala. Pemphani kuti awotche kaulusi kamodzi: silika amanunkha ngati tsitsi lopsa n'kusiya phulusa lonyenyeka, pamene poliyesitala amasungunuka n'kuuma ngati kamkanda kapulasitiki. Chidindo cha pikoko ndi chizindikiro cha boma chotsimikizira silika wa ku Thailand. Pa msewu womwewu pali owumba celadon, mbale zobiriwira motuwa zimene kunyezimira kwake kumachokera ku phulusa la nkhuni lowotchedwa pa moto woposa madigiri 1,200. Timing'alu tooneka pansi pa kunyezimirako si chilema. Gogodani mbaleyo ndi chala: yabwino imalira ngati belu, yosweka imangoti phu.

Dalaivala akakuuzani mtengo wotsika modabwitsa wa tsiku lonse, dziwani kuti amalandira kangachepe m'masitolo amene akukutengeraniko, ndipo kangachepeko kali pa mtengo umene mulipire. Gwirizanani malo ndi maola musanakwere. Nkhani ya miyala yamtengo wapatali "yotsika mtengo lero lokha" ikayamba, tsikani.

Tsiku lachinayi: zosema ndi misika

Ban Tawai, m'boma la Hang Dong kum'mwera kwa mzinda, ndi kwa osema. Si chilichonse chakuda chimene chili teak. Zambiri ndi mtengo wa mango kapena mitengo ina yofewa yopakidwa utoto. Zilibe vuto malinga mtengo wake ugwirizane. Yang'anani pansi pa chosemacho: timabowo ndi kaufa ndiye kuti chafumbwa. Funsani ngati mtengowo unaumitsidwa mu uvuni, chifukwa wauwisi umang'aluka ukafika kouma ngati kwathu m'chilimwe. Zambiri zooneka zakale ndi zatsopano zokalambitsidwa dala.

Tsopano mukhoza kupita kumsika. Loweruka madzulo msewu wa Wua Lai umatsekedwa kukhala msika, ndipo Lamlungu ndi msewu wa Ratchadamnoen kuyambira pa chipata cha Tha Phae. Fikani cha m'ma 5 koloko anthu asanathithikane. Ikakwana 6 koloko nyimbo ya fuko imalira ndipo aliyense amaima chilili, imani nanu. Nsalu ndi zinthu za tsiku ndi tsiku n'zotchipa pa msika wa Warorot, pafupi ndi mtsinje. Kunenerera kulipo, koma mofatsa ndi momwetulira: "thao rai" ndi kufunsa mtengo, "lot noi dai mai" ndi kupempha kuti atsitseko. Kukweza mawu kumatseka malonda. Kwa mmisiri amene mwamuona akukhoma yekha, musanenerere kwambiri.

Potuluka nazo m'dziko

Zifaniziro za Buddha ndi zinthu zakale zimafuna chilolezo cha Fine Arts Department, nthambi ya boma yoona za zaluso ndi zinthu zakale, kuti zituluke, ndipo ku Chiang Mai mumafunsira ku Chiang Mai National Museum. Chilolezocho chimatenga masiku, ndiye si chinthu chogula usiku womaliza. Chopanda pepala chikhoza kulandidwa pabwalo la ndege. Minyanga ya njovu ndi zigoba za akamba musazigwire n'komwe, ndi mlandu uko ndi kuno komwe.

Mukagula zinthu za 2,000 baht kapena kuposa tsiku limodzi mu sitolo imodzi yokhala ndi chikwangwani cha VAT Refund, onetsani pasipoti n'kupempha fomu ya P.P.10 pomwepo. Msonkhowo ndi 7 pa 100 iliyonse, ndipo katunduyo ayenera kutuluka m'dziko pasanathe masiku 60. A kasitomu akhoza kufuna kuona katunduyo musanapereke masutikesi, choncho muikeni pamwamba. Mbale za celadon zikulungeni imodziimodzi m'zovala, ziimikeni cham'mbali pakati pa sutikesi, osati kuzisanjikiza. Ambulera wamkulu yezani kutalika kwake ndi sutikesi yanu musanagule. Siliva muikeni m'kathumba kotseka kuti asade, ndipo malisiti onse akhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa a MRA akhoza kuwafuna mukatera pa Kamuzu International Airport kapena ku Chileka.